Implant, DIEP, mnofu wakumsana kapena kungosiya fulati: tiyerekeze bwinobwino musanasayine

Azimayi anzanga amene adokotala akuuzani kuti bere lichotsedwa kapena adula mbali yake, pali zinthu ziwiri zomwe timaziphatikiza pomwe ndi zosiyana. Choyamba ndi mmene achotsere khansayo, chachiwiri ndi chomwe aike pamalo otsalawo. Masiku ano pa Facebook ndi pa TikTok padzadza mavidiyo a opaleshoni ya kabala kakang'ono, ya kamera, ya loboti, nde munthu umayamba kuganiza kuti bala likachepa ndiye kuti zonse zapepuka. Ayi ndithu, kuchepa kwa bala kumangosintha chipsera basi, koma chomwe akuikiranicho ndi chomwe muzigona nacho, kusamba nacho komanso kugwira nacho ntchito zaka zambirimbiri. Ine ndili kuno ku England ndipo thupi langali lalawako njira ziwiri zomangira bere, implant (kathumba ka silikoni) kenako DIEP (bere lomangidwa ndi khungu ndi mafuta a pamimba), nde zina ndikamba zomwe ndinazimva ndekha, zina ndi zomwe madokotala amafotokoza komanso zomwe timauzana tokhatokha pa benchi podikira kuitanidwa.

Tiyambe ndi kachotsedwe mwachidule. Kale kwambiri, cha m'ma 1890, William Halsted wa ku Johns Hopkins ankachotsa bere, minofu ya pachifuwa ndi zam'khwapa zonse, mzimayi nkutsala nthiti zikuonekera. Zinasintha chifukwa cha kafukufuku wa Bernard Fisher ku America ndi Umberto Veronesi ku Milan, omwe mu 2002 anatulutsa zotsatira za zaka 20 zoonetsa kuti pa khansa yomwe yapezeka msanga, kuchotsa chotupa chokha kenako nkuwotcha ndi radiotherapy (kuwala kwa makina kopha khansa) kumasunga moyo chimodzimodzi ndi kuchotsa bere lonse. Ndiye musanafike pa nkhani ya implant funsani kaye ngati bere lonse likufunikadi kuchoka. Ambirife mantha amatipangitsa kunena kuti chotsani zonse adokotala, ndipo palibe angakudzudzuleni, koma dziwani kuti pa khansa yaing'ono kuchotsa lonse sikukuwonjezerani zaka.

Likamachoka lonse, kachitidwe ka masiku ano ndi kosiya khungu, ndipo ngati khansa sinayandikire nsonga ya bere amasiyanso nsongayo. Zili ngati kuchotsa pilo nkusiya pilokesi, nde ntchito ya omanga bere ndi kupeza choika mkatimo. Bala amalibisa pansi pa bere mopindika muja kapena chakumbali. Kanyama ka kuseri kwa nsonga amakatumiza ku labu, kakapezeka ndi khansa nsonga imachokabe pambuyo pake, izi azikuuziranitu. Ya kamera ndi ya loboti ndi yomweyi, kusiyana kwake amalowera pa kabala ka masentimita ochepa chakukhwapa. Ya kamera anaizolowera kwambiri ku Japan, Taiwan ndi Korea, ya loboti ya da Vinci anaitchukitsa ndi madokotala ngati Antonio Toesca ku Milan ndi Benjamin Sarfati ku Gustave Roussy ku France. Imayenera kwambiri mabere ang'onoang'ono osagwa, nde ife a mabere akuluakulu oti tinayamwitsa ana angapo nthawi zambiri amatiuza kuti sizitheka. Mu 2019 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza kuti silinavomereze loboti pa opaleshoni yochotsa bere chifukwa umboni wa zaka zambiri pa za kubwerera kwa khansa unali usanakwane. Ine sindingawoloke nyanja kulondola loboti. Komanso onetsetsani apa, pa kabala kakang'onoko chomwe chimalowa mosavuta ndi implant, ndiye kusankha kabala kameneka nthawi zambiri ndi kusankhanso implant osadziwa.

Nde funso lomwe kwa ine limalamula zonse ndi ili: kodi ndidzawotchedwa? Radiotherapy imaumitsa khungu ndi minofu, imachepetsa kayendedwe ka magazi pamalopo, ndipo kusintha kwake kumapitirira miyezi ndi zaka mutamaliza. Njira iliyonse yomwe nditchule pansipa muziyeza ndi funso limeneli. Chovuta nchoti nthawi zina adokotala sadziwa mpaka zotsatira za ku labu zitabwera, makamaka za timwanabere ta m'khwapa, koma akhoza kukuuzani ngati mpata wake ndi waukulu kapena waung'ono. Akakamba mozungulira funsaninso.

Implant kaye. Ndi kathumba ka silikoni, ndipo si zatsopano, oyamba kuika anali Thomas Cronin ndi Frank Gerow ku Houston mu 1962. Ubwino wake ndi woonekeratu, opaleshoni ndi yaifupi, ola limodzi kapena awiri kuwonjezera pa yochotsa ija, bala ndi lomwelo palibe kwina komwe akuchekani, mumatuluka m'chipatala mawa lake kapena mkuja, ndipo pakatha masabata 4 mpaka 6 ambiri amakhala abwerera ku zochita zawo. Kwa munthu wochotsa mabere onse awiri imakongola chifukwa onse amafanana, ndi njira yomwe Angelina Jolie anatsata mu 2013 atapezeka ndi vuto la BRCA1, lakumtundu lomwe limakweza mpata wodwala khansa ya bere. Kwa munthu wowonda wopanda mafuta pamimba, kapena wodwala mtima woti sangagonekedwe maola ambiri, kawirikawiri ndi yomweyi basi.

Pali kuika kamodzinkamodzi tsiku lomwelo, ndipo pali kuyamba ndi expander, kathumba kopanda kanthu komwe amakapopa madzi amchere ndi jakisoni pang'onopang'ono ku kiliniki kuti khungu litanuke, kenako opaleshoni yachiwiri nkuika yeniyeni. Expander imalimba ndipo siyosangalatsa kugonera, komanso zambiri zili ndi kamaginito nde simungalowe nazo mu makina ojambula m'thupi a MRI, muziwauza a sikani. Palinso nkhani ya malo: pansi pa mnofu wa pachifuwa kapena pamwamba pake. Ya pansi pa mnofu imabisika bwino koma imapweteka kwambiri masiku oyamba, ndipo mukamakankha chitseko kapena kufinya zovala bere limadumpha lokha anthu nkuona. Ya pamwamba siidumpha ndipo ululu ndi wochepa, koma ngati khungu lanu ndi lopyapyala timakwinya ta implant timaonekera kumtunda. Ambiri kuno asamukira ku ya pamwambayi. Kuti isayendeyende amaikulunga mu kansalu, ndipo apa achemwali achisilamu tcherani khutu, tinsalu tina ngati Strattice ndi Braxon ndi ta khungu la nkhumba, SurgiMend ndi ya ng'ombe, pomwe TiLOOP ndi TIGR ndi zopanga ku fakitale zopanda nyama. Sikuti nthawi zonse amakumbukira kukufunsani, nenani nokha.

Kuipa kwake tsopano. Anthu amati implant ndi njira yophweka koma manambala ake si ophweka ayi. Kafukufuku wa iBRA wa kuno ku UK yemwe anatuluka mu 2019, wa azimayi opitirira 2,000, anapeza kuti pafupifupi 9 pa 100 alionse implant inachotsedwa pasanathe miyezi 3, ndipo mmodzi mwa anayi analandira mankhwala a infekishoni. Chinthu chachilendo m'thupi tizilombo tikachigwira ma antibayotiki amavutika kufikapo, nde nthawi zina njira ndi kuchotsa basi nkudikira. Chachiwiri thupi limapanga kachikopa kozungulira implant, ndi zachilengedwe, koma kachikopako kakayamba kukhwinyata bere limalimba, limakwera m'mwamba, limasintha shepu ndipo limawawa. Radiotherapy imachulukitsa kwambiri zimenezi ndipo ndi zomwe zinandichitikira ine, poyamba linali bwinobwino moti ndinkadzitama, nditawotchedwa linayamba kuuma pang'onopang'ono mpaka kugonera mbali imeneyo kunali kosatheka, lamba wa galimoto yemwe amandivutitsa. Chachitatu implant siikhala moyo wonse, ikhoza kuphulika kapena kufuna kusinthidwa pakapita zaka 10 kapena 20, nde ngati muli ndi zaka 35 werengerani kuti ku fiyeta mudzabwererako. Imazizira mukaigwira nthawi ya chisanu, siigwa ndi ukalamba pomwe linzake lachilengedwe likugwa, mukanenepa iyo siinenepa, ndiye pakapita zaka mabere awiriwa amasiyana ndithu. Pomaliza pali khansa ina yosowa kwambiri yotchedwa BIA-ALCL yomwe imalumikizidwa ndi ma implant okhakhala kunja kwake, nchifukwa chake a Allergan anachotsa pamsika mtundu wawo wa Biocell mu 2019. Ndi yosowa zedi musataye nayo tulo, koma bere likangotupa mwadzidzidzi patapita zaka pitani akaone, ndipo kakhadi kolemba mtundu ndi nambala ya implant yanu kasungeni limodzi ndi pasipoti. Amene amakumbuka nkhani ya ma implant a PIP a ku France mu 2010, omwe anaikamo silikoni wosavomerezeka, akudziwa chifukwa chake.

DIEP ndi dziko lina. Amatenga khungu ndi mafuta a pamimba pansi pa mchombo pamodzi ndi timitsempha take ta magazi, nkuzidula kuzichotseratu, kupita nazo pachifuwa nkukalumikiza timitsemphato ku ta kuseri kwa nthiti akuyang'ana pa maikulosikopu. Timitsempha take ndi ta mamilimita 2 kapena 3 basi, ndipo nthawi zina amachotsa kachidutswa ka kafupa kofewa ka nthiti kuti afikire. Njirayi anaifotokoza koyamba ndi Isao Koshima wa ku Japan mu 1989, ndipo Robert Allen wa ku New Orleans ndi amene anaibweretsa pa kumanga bere mu 1994. Isanabwere inalipo TRAM ya Carl Hartrampf ya 1982 yomwe imatenga ndi mnofu womwe wa pamimba, nde anthu ambiri ankatsala ndi mimba yofooka kapena hernia, kutukuka kwa zam'mimba pamalo pofookapo. DIEP imasiya mnofuwo, amangowung'amba pang'ono posaka mtsempha, choncho vutoli ndi locheperako ngakhale silinatheretu.

Tisanamizane, ndi opaleshoni yaikulu. Maola 6 mpaka 8 kwa bere limodzi, onse awiri kuposa pamenepo. Mukadzuka muli ndi mapaipi otulutsa madzi pachifuwa ndi pamimba, paipi ya mkodzo, chipinda amachitenthetsa dala, ndipo usiku woyamba anesi amabwera pafupipafupi ndi kamakina ka Doppler kumvetsera ngati magazi akuyenda, tulo iwalani. Mtsempha ukatsekeka amathamanga nanu ku fiyeta nthawi yomweyo, ndipo m'zipatala zozolowera ntchitoyi mwa anthu 100 pafupifupi mmodzi kapena awiri nyamayo imafa yonse. Mumakhala m'chipatala masiku 3 mpaka 5, mumayenda chowerama sabata yoyamba chifukwa mimba aikoka, chipsera chimachoka chiuno ichi kufika chiuno icho, mchombo amaubooleranso malo atsopano, ndipo kunyamula zolemera ndi pakadutsa masabata 6 mpaka 8, kwa ena miyezi itatu. Kwa ife a ntchito ya care, yotembenuza ndi kunyamula agogo tsiku lonse, apa ndi pofunika kuwerengera bwino, makamaka ngati muli pa viza ya sponsorship ndipo sick pay yake ndi ija yongokwana basi ndi buledi. Ndikudziwa asisi omwe anasankha implant osati poikonda koma chifukwa lendi siidikira komanso kumudzi akudikira fizi, ndipo ine sindingawaweruze.

Koma ukachira, eee, kusiyana kwake ndi kwakukulu. Bere ndi lofunda, lofewa, limagwedera ukamayenda, ukagona chagada limagwera kumbali ngati linzake, ukanenepa limanenepa ukawonda limawonda, ndipo palibe za kudzasinthitsa pakatha zaka 15. Kafukufuku wamkulu wa MROC ku America ndi Canada anapeza zomwe ifenso timaona, kuti pakatha zaka ziwiri omwe anamangidwa ndi thupi lawo amakhala okhutira kwambiri ndi bere lawo kuposa a implant, ndipo ngakhale timavuto ta mabala timachuluka kumayambiriro, kulephereratu kumakhala kochepa kuyerekeza ndi implant. Ndiye kusiyana kwenikweni ndi nthawi yomwe mukuvutikira, DIEP imakuzunzani miyezi yoyambirira, implant imayamba mofewa mavuto ake nkumabwera pang'onopang'ono. Pa radiotherapy DIEP imapirira bwino kuposa implant, ngakhale nayo ikhoza kuchepa kapena kulimba malo ena, nchifukwa chake madokotala amasiyana maganizo, ena amamanga tsiku lomwelo nkuwotcha pambuyo, ena amaika expander yongosungira khungu, kuwotcha, kudikira miyezi 6 mpaka 12 kenako DIEP. Ine yanga inabwera pambuyo pa kuwotcha ndipo kufewa komwe kunabwerera pachifuwa sindinkayembekezera.

Zina zoti mudziwe za DIEP zomwe anthu amafunsa mobisa. Ngati munabereka pa opaleshoni, chipsera chija chopingasa pansi nthawi zambiri sichiletsa, amayamba ajambula CT kuona mitsempha. Ngati munapangitsapo tummy tuck, opaleshoni yochepetsa mimba, ndiye basi mwayi unapita. Mimba amaigwiritsa ntchito kamodzi kokha, khansa ikadzabwera ku bere linalo adzafunika kusaka kwina. Kubereka pambuyo pake kumatheka koma kambiranani ngati mukufunabe ana. Ndipo chonde tisamaitche tummy tuck yaulere, chipsera chake chimakhala chokwererapo ndipo pamimba pamachita dzanzi. Owonda pamimba amawatengera mkati mwa ntchafu, njira zake ndi TUG ndi PAP, kapena kumtunda kwa thako, koma bere lake limakhala laling'ono ndipo madokotala ozidziwa ndi ochepa.

Pakati pa ziwirizi pali ya mnofu wakumsana, LD, yomwe anthu amaiona ngati yachikale koma ine ndimailemekeza. Ndi yakaledi, Iginio Tansini wa ku Italy anaigwiritsa ntchito mu 1906. Amamasula mnofu waukulu wa pansi pa phewa kumsana pamodzi ndi khungu pang'ono, osadula mtsempha wake, nkuudutsitsa kunsi kwa khungu la m'khwapa kubwera nawo kutsogolo. Poti mtsempha sunadulidwe sipafunika maikulosikopu, kufa kwake ndi kosowa kwambiri, ndipo ndi yomwe amathawirako zina zikakanika kapena khungu likapsa kwambiri ndi radiotherapy. Maola ake ndi 3 kapena 4. Vuto nyama yake ndi yochepa, nde bere lalikulu pamafunika kuwonjezera implant pansi pake, zomwe zikutanthauza kuti mavuto a implant aja mwawatenganso, kapena kuwonjezera mafuta. Kumsana kumakonda kudzadza madzi oti azikupopani ndi jakisoni kangapo, ndipo phewa limafooka. Madokotala amati minofu ina imalowa m'malo ndipo kwa munthu wa mu ofesi ndi zoona, koma mnofu umenewu ndi womwe umakokera mkono pansi ndi kumbuyo, ndiye amene mumalima, kusinja, kuwaza nkhuni, kutunga pa chitsime, kapena mumayendera ndodo, auzeni adokotala ntchito yanu yeniyeni asangoganiza kuti mumakhala pa kompyuta. Malo ena amautenga mnofuwu ndi kamera kapena loboti kuti kumsana kusakhale chipsera chachitali, koma akatero amatenga mnofu wokha popanda khungu.

Tibwerere kwa omwe bere silikuchoka lonse, paja ndinu ambiri. Akachotsa chotupa chaching'ono mu bere lalikulu nthawi zina sipafunika chilichonse. Koma akachotsa gawo lalikulu, makamaka kumunsi kapena mbali ya pakati pa chifuwa, pamatsala dzenje lomwe poyamba silioneka chifukwa mwadzadza madzi, kenako mukawotchedwa limalowa mkati nsonga nkupotokera komweko. Kukonza pambuyo nkovuta kuposa kupewa, nde njira ndi ziwiri. Ngati mabere ndi aakulu amachita ngati opaleshoni yochepetsa bere, khansa imachoka limodzi ndi nyama yochotsedwayo, lotsalalo nkuliumba laling'ono lokwera bwino, ndipo linzakelo amalichepetsanso tsiku lomwelo kapena mukamaliza kuwotchedwa. Kwa ife omwe mabere amatipweteketsa msana iyi ndiye njira yomwe ndaona anthu akusangalala nayo kwambiri, ndipo bere laling'ono limawotchedwa bwino osasupuka kwambiri kunsi kwake. Ngati bere ndi laling'ono loti palibe chochepetsa, amatenga kanyama kambali pansi pa khwapa pomwe bra imadutsa, LICAP kapena TDAP, nkukapindira mu dzenjemo osakhudza mnofu. Chipsera chimabisika mu bra. Pa zonsezi amasiya titizitsulo ta titanium toonetsa a radiotherapy pomwe panali chotupa, sitilira pa eyapoti musaope, ndipo labu ikanena kuti m'mphepete mwatsala khansa mumabwereranso.

Za kupopa mafuta pamimba kapena ntchafu nkuwabaya pachifuwa sindikhalitsapo. Ndi zabwino pokonza timaenje, kubisa makwinya a implant ndi kufewetsa khungu lowotchedwa, koma gawo lina la mafutawo thupi limamwa nde mumabwereza kangapo, ndipo ena amauma nkupanga timibulu toopsa mukatigwira mpaka akakujambuleni. Kumanga bere lonse ndi mafuta okha zimatheka kwa a mabere ang'ono kwambiri basi. Palinso ina yotchedwa Goldilocks, kwa a mabere aakulu omwe sakufuna implant komanso sangakwanitse opaleshoni yaitali, amapinda khungu lotsala la kumunsi nkupanga kabere kakang'ono. Si lodzadza koma bra imapeza pogwira.

Tsopano za khungu lathu lakuda, zomwe timabuku ta kuchipatala sitikamba mokwanira. Zithunzi zomwe amakuonetsani zambiri ndi za azungu, pemphani za munthu wakuda komanso zojambulidwa patatha chaka osati mwezi. Ambirife timapanga keloid, zipsera zotukuka zoyabwa zija, nde ngati khutu lanu linatupa mutaboola ndolo kapena chipsera cha katemera chinatukuka, nenani, chifukwa DIEP ndi LD zikupatsani chipsera chachiwiri chachitali, ndipo apa kabala kobisika kukhwapa kapena kunsi kwa bere kali ndi phindu lenileni. Chachiwiri anesi anaphunzira kuona nyama yomwe ikufa poyang'ana mtundu, kuyera kapena kuchita buluu, pomwe pa ife sizioneka msanga, ndiye funsani kuti pa khungu lakuda amayang'anira bwanji, ndipo inu mukamva kuti patupa mwachilendo kapena pazizira itanani osachita manyazi. Infekishoni nayonso pa ife siifiira, imangotentha, kutupa ndi kuda kwambiri. Nsonga yomwe inasowa magazi pang'ono nkuchira imatha kutsala ndi mawanga oyera, amakonza ndi tatuu, koma pezani munthu wodziwa kusakaniza mitundu yakuda. Radiotherapy imadetsa khungu, kwa ena mpaka kalekale, nde chigamba cha pamimba chimatha kuoneka chowala kuposa pozungulira pake.

Chinthu chimodzi chofanana pa njira zonse zochotsa bere lonse ndi dzanzi. Olo nsonga aisiye, imaoneka yanu koma kumva ndi kochepa kapena palibiretu, ndipo kuyamwitsa mbali imeneyo kwatha. Abambo akunyumba auzidwiretu zimenezi. Samalani ndi botolo la madzi otentha kapena kuwerama pa mbaula, anthu amapsa osamva. Zinanso zofanana: fodya amapha khungu ndi nsonga ndipo madokotala ambiri amakana kumanga mpaka musiye kwa masabata angapo, shuga ikhale yotsika, kunenepa kwambiri kumachulukitsa mavuto a mabala pa njira iliyonse, omwe muli pa ma ARV nenani momasuka chifukwa viral load ikakhala yotsika si choletsa, ndipo amene mukumwa tamoxifen, mapiritsi a khansa ya bere, funsani ngati muyimitse kaye DIEP isanachitike chifukwa cha kuundana kwa magazi. Bala likachedwa kupola limachedwetsa kemo kapena radiotherapy, nde ngati khansa yanu ndi yothamanga adokotala akanena kuti timange pambuyo si nkhanza ayi.

Kusamanga konse nakonso ndi njira, osati kugonja. Opaleshoni imodzi, kuchira msanga, palibe chachilendo m'thupi. Chofunika ndi kunena momveka kuti mukufuna pasalale bwino, asasiye makutu a khungu kumbali kapena khungu lolendewera poganiza kuti mudzasintha maganizo. Kuno a NHS, zipatala za boma, amapereka kabere kansalu kofewa kovala masabata oyamba kenako ka silikoni koika mu bra, kaulere, ndipo ta mtundu wa khungu lathu tilipo mukafunsa. Kumalo otentha ka silikoni kamatuluka thukuta moti ambiri amakonda toluka ndi ulusi tija.

Ndikudziwa ena mukuwerenga muli ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kapena Tete nkumati asisi awa akukamba za kumwamba. Zoona, kwathu ambiri amafika kuchipatala chotupa chitakula, nthawi zina chitaphulika, nde opaleshoni yomwe imachitika ndi yochotsa bere lonse ndi zam'khwapa, ndipo kwa zaka zambiri a ku Malawi ankachita kupita ku India, Tanzania kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kuti akawotchedwe. Popanda radiotherapy yodalirika kusunga bere nkoopsa, ndiye dokotala wa ku Queens kapena ku Central akanena kuti lichoke lonse sikuti ndi wotsalira, akuyeza ndi zomwe zilipo. Amene muli ku South Africa mwayi ulipo wokulirapo m'zipatala zazikulu za ku Johannesburg ndi Cape Town komanso pa medical aid. Kuno ku UK kumanga bere ndi kwaulere pa NHS pamodzi ndi kukonza linzakelo nthawi zambiri, ngakhale mzere wa DIEP yochita pambuyo umatalika, ndipo ku America lamulo la 1998 limakakamiza ma inshuwalansi omwe amalipira kuchotsa bere kuti alipirenso kumanga.

Kwa amene mukuganiza zokapangitsa kunja nkubwerera kumudzi, maganizo anga ndi awa. Implant imaoneka yotchipa komanso yachangu koma ndi yomwe imafuna dokotala pafupi zaka zonse, ikachita infekishoni muli ku Mzimba kapena ku Nsanje mupita kwa ndani? DIEP ndi yodula ndipo masabata oyamba muyenera kukhala pafupi ndi omwe anakuchitani, osathamangira ndege chifukwa cha kuundana kwa magazi, koma ikapola yapola. LD ili pakati, ndipo poti siifuna maikulosikopu ndi yomwe ingatheke m'zipatala zambiri za kwathu komwe kuli dokotala wa plastic surgery. Ndiye kwa ine, wowotchedwa yemwe ali ndi mimba yokwanira komanso thanzi ndi nthawi, DIEP. Wosawotchedwa, wowonda kapena wochotsa onse awiri, wokhala pafupi ndi chipatala, implant ndi yabwinobwino. Wa mabere aakulu ndi chotupa chimodzi afunse kaye za kuchepetsa kuja asanavomere kuchotsa lonse.

Ndipo amene munachotsedwa bere kalekale, kaya zaka 5 kaya 10 zapitazo, kumanga kulibe tsiku lotsekera. Poti khungu linachoka, nthawi zambiri mudzafunika DIEP kapena LD zomwe zimabweretsa khungu latsopano, expander imagwira ngati simunawotchedwe. Popita kukaonana ndi dokotala tengani lipoti la ku labu, pepala loonetsa mankhwala a kemo omwe munalandira, ndi la radiotherapy loonetsa mbali yomwe anawotcha komanso kuchuluka kwake. Ngati zonse zili mu kabuku kakuchipatala kaja, jambulani tsamba lililonse pa foni musanakapereke kwa wina aliyense.